Wosunga Kiyi ndi Chitosi cha Nkhunda

Mdala wosunga kiyi wa tchalitchi chakale ku Yerusalemu ndi Msilamu, ndipo womunyoza amaona zakuda! Kiyiyo amagona kwa iye chifukwa ansembe Achigiriki ndi Achiameniya sakhulupirirana. Mawu ake ndi amodzi: "Mulungu alibe vuto, koma ana akewa!"

Patchalitchipo ukasesa malo ndiye kuti ndi ako. Tsiku lina nkhunda inagwetsa chitosi pa sitepe yolimbirana. Ansembe awiri, Wachigiriki ndi Wachiameniya, anathamangirapo, masache ali m'mwamba, ndeu itatsala pang'ono.

"Pepani abambo, mawondowa," anatero mdalayo, n'kukhala pachitosi pomwepo. Anadzigwedeza uku ndi uku, n'kudzuka sitepe ili mbee.

"Amene asesa pano ndi matako angawa. Wofuna sitepe akambirane nawo."