Nyumba Imene Faines Anaisenza Pamutu

Chaka chimene nyanja inasefukira, Faines anabwerera kwawo ku Chezi atanyamula kathumba ka zovala zonunkha chinyezi. Analibe munda, analibe pogona. Mkulu wake, Margareta, anamuyalira mphasa m'nyumba yosungiramo fodya, iye ndi ana ake aakazi awiri, ndipo sanamufunse kanthu. Kusafunsako n'kumene kunamupweteka kwambiri.

Inu amene mukuwerenga mtima uli pansi, imvani mmene mayi ameneyu anagwera, chifukwa anagwa mmene timagwera ife anthu akumapiri.

Ife a ku Dowa timabadwira pamtsetse. Kumunda n'kokwera, kumjigo n'kokwera, ngakhale kumaliro n'kokwera. Ndiye munthu wakwathu akaona malo osalala ngati chikhatho, nzeru zimamuthawa.

Faines ankagulitsa tomato ndi mbatata m'mbali mwa msewu wopita ku Salima. Madalaivala anamuuza kuti kunyanja nyumba zikuyenda malonda, anthu a ku Lilongwe akuchita kulimbirana. Anatsikirako mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, n'kupeza puloti yamchenga, yopanda mwala ndi umodzi womwe, madzi ali kutali uko. Sanafunse chifukwa chake eni dera sankamangapo. Paja safunsa anadya phula.

Kuti agule pulotiyo n'kumanga, anagulitsa munda umene mayi ake anamusiyira. Amene anaugula ndi a Bonifasi, oumba njerwa, amene ankasirira katondo wa m'mundamo.

"Munda wa amayi sagulitsa, Faines," Margareta anatero misozi ili m'maso.

"Ndikangogulitsa nyumba ndidzauwombola, akulu. Musade nkhawa."

A Bonifasi anavomera kuti adzaubweza, koma sanabise mawu. "Ine ndine wa njerwa, mayi. Ndiyambira kumunsi kukumba, ndizikwera. Chimene mudzapeze ndi chomwecho."

Nyumba inatha, yamalata, ya njerwa zowotcha zomangira matope, kunja kwake pulasitala wa simenti. Faines anakhalamo kudikira wogula. Kenako mvula inabwera, nyanja n'kuyamba kukwera. Kwathu madzi amabwera ndi phokoso n'kupita. Madzi akunyanja anabwera mwakachetechete, analowa pakhomo, anafika m'mawindo, ndipo sanachoke.

Ku Chezi Faines sankakhazikika. Akakhala pamsika, maso ali kumsewu. Akakwera minibasi kukaona nyumba, mtima umatsalira kumunda. Akabwerako, amazungulira njira yodutsa kwa a Bonifasi kuti akaone pamene dzenje lafika, ndipo nthawi zonse limakhala litakwera. Anthu ankamunena kuti ndi mayi wa nyumba ya nsomba. Iye ankamva, n'kumangoyala tomato wake.

Madzi atabwerera m'mbuyo m'chilimwe, kunabwera bambo wina wosakira anthu nyumba. Anayang'ana mzere wakuda umene madzi anasiya pakhoma n'kuseka.

"Mayi, gulani penti basi. Mzerewu ukabisika, ndikubweretserani bwana wa ku Lilongwe, wosadziwa ngati mmene munalili inu."

Tisanamizane, Faines anagula pentiyo. Munda unkatha, ndipo munthu wopanikizika samva za mu mpingo. Anapaka khoma limodzi lonse. Atafika pakona yakuchipinda, anapeza mng'alu woti dzanja lake linalowa mpaka m'chigongono, matope omangira atasungunuka m'kati. Anaganiza za mwana wa munthu atagona m'tsinde mwa khoma limenelo mvula ikugwa. Anachita mantha, anachitanso manyazi, n'kutseka chitini.

Ogula ankabwerabe mmodzimmodzi, ndipo onse funso lawo linali limodzi: "Madzi amafika pano?"

"Amafika," Faines ankayankha, iwo n'kuliza galimoto.

Tsiku lina, wogula wina atachoka, Faines anatsala chiimire pakhonde, akubwereza funsolo. Malonda anali atasintha. Anthu sankafunanso kugona pafupi ndi madzi, ankafuna kuwaona ali pamwamba. Anatembenuka n'kuyang'ana kaphiri kamiyala kamene kanali kuseri kwa mudziwo, kopanda nyumba ngakhale imodzi.

Malo a pakaphiripo anali a msodzi wina, a Lester, amene ankasowa poyanika usipa pafupi ndi gombe. Faines anawapeza akusoka ukonde.

"Tisinthane, bambo. Inu mutenge mchenga wanga, ine nditenge miyala yanu."

"Miyala? Uko kumakwera mbuzi zokha, mayi."

"Inenso ndine mbuzi ya ku Dowa."

A Lester anaseka mpaka kutsokomola, koma pamaso pa mboni anasinthana.

Apa mpamene ntchito inayamba. Faines anatenga piki ndi khasu n'kuyamba kusema phiri mmene abambo ake ankasemera pomanga nkhokwe pamtsetse: kudula kumtunda, kuthira kumunsi, kusanja miyala yotchinga dothi, kukumba ngalande kumbuyo kuti madzi a mvula alambalale. M'mphepete anadzala udzu wa vetiva wochokera kwawo. Atatha, anatsika kukaphwasula nyumba yake ndi manja ake. Anachotsa malata, zitseko, mafelemu, kenako njerwa imodziimodzi, kuipala matope, kuiika m'beseni, beseni pamutu, ulendo wokwera.

Khosi linatupa. Ndalama ya simenti ndi ya mmisiri ikatha, amathamangira ku Chezi kukagulitsa tomato, n'kupeza a Bonifasi awotcha uvuni wina. Mvula yoyamba inagumula mbali ina ya miyala ija, iye analira pang'ono, n'kusanjanso. Njerwa zinali zikadali mulu kumchenga, ndipo anayamba kuona kuti yekha sadzamaliza munda usanathe.

M'mawa wina kunaima lole. Munatsika Margareta ndi amayi a Chigwirizano a kumpingo kwawo, aliyense ndi beseni ndi nkhata yake, ena mwa iwo omwe aja ankamuseka.

"Mutu umodzi susenza denga," Margareta anatero. "Tiwonetse pokwerera."

Anthu akunyanja anasiya maukonde n'kumaonerera mzere wa amayi ukukwera phiri uku akuimba nyimbo za m'buku, ngati kuti akuyenda pabwalo la sukulu.

Nyumba yatsopano inatuluka yaing'ono, chifukwa njerwa zambiri zinali zitafumbutuka. Koma inaima pouma. Wogula anali namwino wina amene nayenso madzi anamusamutsa. Atafunsa funso lija, Faines anangoti, "Kwerani mukadzionere nokha." Namwinoyo anafika pakhonde ali wefuwefu, anayang'ana pansi pamene panali nyumba za anzake, ndipo sanavutenso. Mtengo wake sunali uja Faines ankalota poyamba, koma unali woti angapite nawo kwa a Bonifasi.

Tsiku lomwelo Faines anakwera minibasi. Sanapite kunyumba, anadzera kumunda.

Anapeza theka lakumunsi kulibe. Panali dzenje lofiira, lozama kuposa msinkhu wa munthu, pamene mayi ake ankadzala mtedza. A Bonifasi anavula chipewa.

"Ndinakuuzani, mayi. Koma kumtundaku sindinakhudze."

"Munandiuzadi. Kumeneko ndiwombola lero."

Analipira mboni zikuona. Kenako anatuma uthenga kuti ana ake abwere ndi makasu, chifukwa mitambo inali itayamba kale kusonkhana cha ku Ntchisi. Mwana wamkulu atafika anayang'ana dzenjelo, n'kufunsa ngati munda wa agogo watha. Faines anamugwira mapewa n'kumutembenuza kuti ayang'ane kumtunda.

"Wanu ndi uwu. Yamba mzere."

Lero Faines amagulitsabe tomato pa Chezi, ndipo achibale ofuna kugula malo amayamba kaye kudzamufunsa. Theka lija silinabwerere, ndipo iye sabisa kuti limamuwawa.

Inu amene munalakwitsa, n'kutaya chinthu chimene simukanayenera kutaya, musakhale pansi kuwerenga zimene zapita pamene zotsala zikudyekanso. Musapake penti pamng'alu kuti tsoka lanu ligwere mnzanu. Phwasulani chimene chagwa, sankhani njerwa zimene zikadali zolimba, muzisenze. Mwina simudzapeza zonse, koma chimene mudzapulumutse chidzakhala chanu ndi cha ana anu. Mtima usagwe, dzukani mukwere.