Goloboyi Amene Anakana Kudumpha

Alamu anga, mng'ono wa malemu amuna anga, ndi telala. Ine ndimasokerera mabatani pakona ya shopu yawo, ndiye zambiri ndimangomvera.

Loweruka lililonse iwo amakhala goloboyi wa timu ya amisiri a mumsewu mwathu. Chaka chino mawondo anayamba kuwavuta. Kochi wawo, wowotcherera zitsulo, sanabise mawu.

"Madala, mukatiluzitsa fainolo, magolovesi mupatse wina."

Sabata yomweyo alamu anagula buku lakale pamsewu, lofotokoza mpira ndi manambala. Makina anakhala chete. Thalauza la eni ake linagona patebulo mwendo umodzi wosasoka.

"Alamu, tamvani izi!" anandiitana. "Anthuwa anawerenga mapenate ambirimbiri. Akuti ena amamenyedwa pakati penipeni, koma ife magoloboyi tonse timadumphira kumbali. Ati ndi manyazi chabe, timafuna anthu aone kuti tayesetsa."

Akazi awo anali atabwera ndi tiyi. "Bambo a ana, mwangopeza buku lovomereza ulesi wanu basi."

Fainolo inatha popanda chigoli, nkupita kumapenate. Woyamba wa timu inayo anathamanga, alamu ali njo pakati, manja tambasu. Mpira unalowa kumanzere.

"Chipilala iwe!" anakuwa wina kumbuyo kwathu. "Ukudikira basi?"

Wachiwiri unalowa kumanja. Alamu sanasunthe ngakhale chala. Kochi anaponya chipewa pansi nkuchiponda. Akazi a alamu anabisa nkhope paphewa langa.

Wachitatu anali chimunthu chamatupi, wogulitsa nyama. Sanayang'ane nkomwe, anangowomba ndi mphamvu zonse. Phuu! pamimba pa alamu. Anakhala pansi mwadzidzidzi, mpira ataukumbatira ngati khanda, pakamwa yasa kufuna mpweya.

Wotsatira anaima nthawi yaitali, osadziwa ngati mdalayu adumpha kapena ayi. Anamenyera kumwamba, mpira nkukagwera padenga la eni. Athu anagoletsa awo otsala, tinapambana. Amisiri ananyamula alamu m'mwamba, iwo akupempha kuti asawagwire pamimba.

Lolemba kochi analowa mushopu, nkukhala pabenchi ya makasitomala. Anatenga bukulo, kulitembenuza uku ndi uku, nkulibweza mwaulemu.

"Madala, chaka chamawa pagolo ndi panu," anatero. "Koma chonde, kamodzikamodzi muzidumphako. Mtima ndili nawo umodzi."