Ndege ya Amalume Delmar Inkagwedeza Mutu

Amalume anga a Delmar Haugstad anakalambira pafakitale ya tchizi m'tauni yathu, kumadzulo kwa Wisconsin, akukonza mapampu ndi mapaipi a mkaka. Koma mutafunsa kumeneko kuti a Delmar ndi ndani, palibe angatchule za tchizi. Aliyense anganene kuti ndi aja anapanga ndege m'garaja aja.

Anaipangadi. Zidutswa zinkabwera m'mabokosi, iwo n'kumalumikiza akaweruka kuntchito, galimoto ikugona panja m'chipale chofewa zaka ndi zaka. Kukhoma maliveti, timisomali tolumikizira malata a ndege, kumafuna anthu awiri, wina kunja ndi mfuti yokhomera, wina m'kati atagwira chitsulo. Wam'katiyo anali akazi awo a Arlene, amene ife tinkangoti anti, poti anali ochepa thupi ndipo ankakwana mpaka kumchira. Ndege itatha anakana kukwera.

"Ndinaona ndi maso angawa mmene munkakhomera," ankatero. "Kwerani nokha, ine ndizimvera pansi pano."

Ankamveradi, pa kawailesi kam'manja kamene kankakhala pawindo la kukhitchini.

Anti anamwalira ine ndili ku Rotterdam, m'dziko la Adatchi, kumene ndinkakonza zamagetsi m'sitima zapamadzi. Maliro ndinaonera pafoni. Nditabwerera kwathu chaka chotsatira, ndinalibe maganizo okhalitsa. Dziko linkandionekera lathyathyathya mopitirira muyeso, anthu akukamba za mvula ndi mitengo ya chimanga ngati kulibe nkhani ina padziko. Chikwama changa sindinamasule chonse.

Msuweni wanga Renae, mwana wawo yekhayo, ndi amene anandiimbira. Ndi namwino kunyumba yosungira okalamba, ndipo salankhula mozungulira.

"Leif, bambo awasoka pachipumi. Akuti ndege inagwetsa mphuno mwadzidzidzi, iwo n'kumenyetsa mutu kuchitsulo cha denga. Akuti wolakwa ndi George."

George ndi dzina limene oyendetsa ndege amatchula makina aja ogwira chiwongolero okha munthu akafuna kupumitsa manja. Amalume anamuika okha m'nyengo yozizira yotsatira maliro, pamodzi ndi sikirini imene inalowa m'malo mwa mamita akale ozungulira aja.

"Ine zimenezi ndimaziona tsiku ndi tsiku," Renae anapitiriza. "Zimayamba chonchi, munthu kumanamizira chitofu, kumanamizira galimoto. Tagwirizana. Ngati vuto silipezeka m'mawaya nyengo yotenthayi isanathe, ndiye kuti lili mwa iwo, ndipo andipatsa makiyi a ndege. Pita ukaone, suja ndiwe wa mawaya."

Ndinawapeza m'shedi yawo, pabwalo la ndege la kapinga kuseri kwa nkhokwe za chimanga. Anali ndi mnzawo wa kuyambira kusukulu, a Orval Thorsen, amene kale ankagawa makalata.

"Wafika Mdatchi uja," anatero amalume osatulutsa mutu pansi pa phiko. "Orval, usamupatse khofi wathu. Awa anazolowera wa m'timakapu ta zidole."

"Amalume, wanuyo si khofi, ndi madzi otsukira poto."

"Wamva? Anapita ali ndi ulemu mwana ameneyu."

A Orval anandipatsabe kapu. "Usataye nthawi ndi mawaya, mwanawe. Nkhalamba iyi imawodzera m'mwamba n'kugwera chiwongolero. George akungofera za eni."

"Iwe ukamatera ng'ombe za m'dera lino zimasiya kutulutsa mkaka. Ungandiphunzitse chiyani?"

Tinayamba ndi zimene aliyense amayambira. Tinamanga mwamphamvu mawaya onse opita kuchitsulo cha ndege. Tinapopera mpweya m'timapaipi timene timauza sikirini mmene ndege yakwerera, kuti tione ngati tikudontha. Ndinakwawira kumchira kukagwedeza kamota kamene George amakokera chiwongolero, ndipo ndinatulukako nditasupuka zigongono. A Orval anabwereka bokosi lina la George kwa mnzawo wa ku Minnesota, tinasinthanitsa. Amalume ankagwira ntchito molimbika kuposa tonsefe, ndipo chinthu chimodzi ankachiyesa kawiri katatu.

Ndikakwera nawo, George ankayenda mowongoka ngati mkulu wa mpingo ponyamula mbale ya chopereka. A Orval akakwera, chimodzimodzi. Amalume akanyamuka okha, ankabwera nkhope ili gwa.

"Wachitanso."

Mawu amenewo ankalemeretsa mbali ya Renae. Vuto lotani lodikira kuti mboni zitsike kaye? Nanenso ndinayamba kumawayang'ana manja mwakuba akamanyamula kapu, kumamvetsera ngati abwereza nkhani imodzimodzi. Iwo ankaona kuti ndikuwayang'ana.

Loweruka lina m'mawa, masamba a chimanga atayamba kuuma m'mphepete, anandituma kunyumba kwawo kukatenga mita yoyezera magetsi imene anaiwala pathebulo. Iwo anati akazungulira m'mwamba pang'ono mphepo isanayambe. Ndinalowera chitseko cha kukhitchini. Mita inali pathebulopo, pambali pa mbale imodzi ndi foloko imodzi. Ndikutembenuka kuti ndizipita, pawindo panamveka phokoso lokanda, kenako mawu.

"Arlene, ndili pamwamba pako."

Kawailesi kaja kanali pomwe paja, koyatsa, waya wake uli kukhoma.

"Matimati ako aja apsa onse nthawi imodzi, ndasowa nawo chochita. Ndapatsa Orval, koma ukumudziwa, angowoletsa m'galimoto."

Ndinatuluka pakhonde nditakagwira m'manja. Ndege inali m'mwamba ndithu, yoyera, ikudutsa mowongoka pamwamba pa nyumba. Mawu atayambanso, mphuno yake inatsika. Atasiya, inadzuka.

"Leif wabwera wowonda. Sakhazikika, amangoyang'ana kumsewu. Ndikuganiza kuti abwereranso."

Mphuno pansi. Mphuno m'mwamba.

"Renae akufuna makiyi. Sakulakwa ayi, mwana wako uja. Anatengera iwe."

Ndinabwezera kawailesi pawindo. Ndinakhala m'galimoto kanthawi ndisanailize, mita ili pamiyendo. Za vutolo panalibenso chovuta. M'sitima ndinaziona kangapo: waya wa wailesi akamasuka chovala chake cha timaulusi ta chitsulo tolukidwa, mphamvu yotumizira mawu imathawira m'mawaya oyandikana nawo. George ankalandira bodza loti ndege yakwera, iye n'kuikankhira pansi. Chovuta chinali poyambira kulankhula.

Ndinadikira kuti a Orval apite kukagula masoseji. Amalume ankapukuta tizilombo tofera kutsogolo kwa phiko.

"Amalume, tikakwera awiri, batani la wailesi mumalidina nthawi yanji?"

"Ponyamuka ndi potera. Kuno kuli ndani wolankhula naye pakati pa ulendo?"

"Nthawi imeneyo George amakhala wozimitsa."

Anapitiriza kupukuta malo amodzimodzi.

"Kawailesi ka kukhitchini kaja kakadali koyatsa," ndinatero.

"Ndikudziwa. Ndimakayatsa ndine."

Anapinda kansalu kaja, n'kukhala pa tayala la ndege. Analankhula akuyang'ana pansi.

"Poyamba ndegeyi inkangogwedeza mutu pang'ono. Ukukumbuka mmene ankachitira Arlene akamasenda mbatata ine ndikulongolola? Osakuyang'ana, mutu wokha basi. Sindine wopenga, Leif. Ndakhala ndi mawaya moyo wanga wonse, ndimadziwa kuti ndi waya. Ndinafufuza paliponse. Pamenepo pokha ndinkapalambalala."

"Koma ikunka ikulirakulira. Tsiku lina idzachita muli pafupi ndi nthaka."

"Chipumichi chinandiuza kale."

Ndinatenga tochi kuti ndilowe pansi pa sikirini, koma anandigwira phewa.

"Choka, Mdatchi. Ndege ndi yanga."

Anachotsa mpando, n'kugona chagada miyendo ili kunja, monga amachitira onse opanga ndege zawo. Sanafufuze n'komwe. Dzanja linapita molunjika pa cholumikizira cha waya wa wailesi, ndipo atangochikoka pang'ono chinatsalira m'manja, timaulusi ta chitsulo tili nyankhalala, tobiriwira. Wayayo anali atamangidwa mtolo umodzi ndi mawaya a George. Anadula, n'kusenda, n'kufinya cholumikizira chatsopano, kenako anamudutsitsa mbali ina yakeyake. Ine ndinkangowapatsira zida. Manja awo sananjenjemere ngakhale pang'ono.

Renae anabwera Lamlungu atatuluka kutchalitchi. Tinaima pakapinga, ine nditagwira wailesi ya a Orval. Amalume anadutsa pamwamba pathu George ali woyatsa, akutchula masiku a sabata pawailesi, kubwereza ndi kubwereza. Ndege inangoti tayale ngati yajambulidwa pakhoma. Atatera ndinamuonetsa Renae cholumikizira chowola chija. Anachitembenuza m'manja.

"Chabwino, ndaona. Koma bwanji zinkachitika ali okha basi?"

Ndinali nditakonza yankho lozungulira, la zakuti munthu akakhala yekha amayesa wailesi pafupipafupi. Amalume anandipitirira.

"Ndimalankhula ndi mayi ako."

A Orval anapeza mwadzidzidzi choti akaone kuseri kwa shedi. Renae anawayang'ana bambo ake ndi maso aja a kuntchito kwake.

"Amakuyankhani?"

"Ayi, mwanangu. Mayi ako anamwalira."

Renae anaika cholumikizira chija m'thumba la diresi. Anawakonzera kolala ya malaya imene lamba wa ndege anaipinda, ndipo dzanja lake linakhalitsa pamenepo.

"Sungani makiyi anu, bambo."

Anawasunga. Anaulukanso kangapo mwezi umenewo, koma maulendo ankafupikirafupikira. Ankanyamuka, kuzungulira bwalo, n'kutera khofi wa a Orval asanazizire. Ndikawafunsa za George ankati ali bwino, palibe chodandaula. Tsiku lina ndinapitanso kukhitchini kuja, ndipo pawindo panali matimati omaliza okha, atandandalikidwa kuti apse.

Makina okolola atalowa m'minda, anatiuza kuti munthu wina wa ku Iowa akubwera kudzaona ndege. A Orval anakwiya zenizeni, koyamba ine chiwadziwire.

"Ndiye tinasupukira zigongono chiyani, nkhalamba iwe? Mwana wako wakusiyira. Dokotala sanakuletse. Ndege ilibe vuto."

"Ilibe," anatero amalume. "Ikuuluka bwino kwambiri."

"Nanga?"

"Nanga ndizikatani kumwambako, Orval?"

A Orval anathira khofi wawo pakapinga.

Wa ku Iowa uja anali bambo wansangala, wa ana awiri, ndipo anafika ndi mnzake woti abweze galimoto. Anazungulira ndege akusisita mizere ya maliveti ndi chala, n'kunena kuti sanaonepo yokhomedwa mwaukhondo chotero, makamaka kumchira kumene anthu ambiri amalephera. Amalume anangoti anali ndi womuthandiza wabwino. Kenako anamugoneka chagada pansi pa sikirini, n'kumuunikira ndi tochi.

"Waya uyu ndi awa musadzawamange pamodzi. Ngakhale zioneke zosalongosoka, asiyeni choncho."

Injini italira, ine ndi a Orval tinatuluka kukaima m'mphepete mwa bwalo. Amalume anatsalira m'shedi. Ndege itasanduka kadontho kumwera, ndinabwerera n'kuwapeza akusesa simenti pamene matayala ankaima, akukankhira fumbi kukhomo pang'onopang'ono.

"Leif," anatero osadzutsa mutu, "ukandisiye kunyumba. Koma tidzere msewu wa kumtsinje. Sindikufulumira."