Foni Itazima ku Ngokwe

Inali nyengo ya mvula pamene ndinachoka ku Balaka kukapuma kwa achimwene ku Ngokwe. Iwo ndi msodzi wa pa nyanja ya Chiuta, ndiye masana ambiri ndinkatsala ndi akazi awo, alamu anga. M'foni mwanga munali magemu awiri. Imodzi inali yosanja timiyala tamitundumitundu kuti tofanana tikhale pamzere. Inayo inali ya nkhani: mayi akufunafuna mwamuna wake m'mudzi umene anthu anathawamo, ndipo wosewera ndi amene amasankha njira yoti mayiyo adzere.

Alamu anakonda ya nkhaniyo. Ine ndinkawamasulira Chingerezi, iwo n'kumalamula. “Iyayi, asalowe m'nyumbamo, ayambe wasuzumira kuchitsime.” Ndiwo zinkapserera pamoto tikukangana za mayi wa m'foni.

Kenako kunabwera chimphepo chamvula chosasula madenga. Achimwene anali atalowa panyanja ndi mnzawo wa bwato limodzi, ndipo sanabwerere. Foni yawo sinkapezeka. Asodzi anzawo anakayang'ana m'mabango n'kubwerako chimanjamanja. Anatenga nambala yanga, natiuza kuti tidikire pakhomo.

Tinakhala pakhonde mvula ikungowaza. Aliyense wodutsa pamsewu, alamu ankaimirira. Kenako anati, “Alamu, tsegulani gemu ija. Timupezere mayi uja mwamuna wake.”

Ndinazengereza, koma ndinatsegula. Mayiyo anafika pamphambano, njira ina ya kuphiri, ina ya kumtsinje. Alamu anasankha ya kumtsinje. Nyimbo ya m'gemumo inatsika, ndipo pamadzi panaoneka chipewa chikuyandama. Apa panalibe choti ndimasulire. Alamu anagwira pachifuwa.

“Tikhoza kubwerera, tisankhe njira ya kuphiri,” ndinatero.

“Iyayi. Ndaona kale.”

Tinali titazolowerana naye mayiyo ngati wachibale, moti mantha ake analowa mwa ife.

Pofuna kuwaiwalitsa ndinawatsegulira ya timiyala. Imeneyi inalibe munthu woti n'kumumvera chisoni. Zala za alamu zinapeza chochita, mpweya wawo unabwerera pang'onopang'ono. Akamaliza mzere, unkabwera wina. Tinkalandizana foniyo, ndipo palibe anayang'ana batire. Foni inazimira m'manja mwawo.

Sola ya pakhomo inalibe moto chifukwa dzuwa silinatuluke chiyambire mphepo ija. Ndinathamangira kumsika m'matope. Ndinkangoona anthu a kudoko akuimba osandipeza, kapena achimwene atabwereka foni penapake, akuyesa nambala yanga imene anailoweza pamtima. Mashopu ambiri anali otseka. Wometa tsitsi wina anali ndi batire ya galimoto, ndipo anandilumikizira osafunsa zambiri.

Foni itayaka, panalowa uthenga wakuti nambala yachilendo inaimba kangapo. Ndinaiyang'ana nambalayo, chala chikukana. Alamu anandipeza ndili chiimire, chitenje chawo chili chonyowa mpaka m'mawondo.

“Imbani,” anatero.

Anayankha bambo wolankhula Chiyao. Anafunsa ngati ndinali m'bale wa msodzi wa ku Ngokwe. Nditavomera ndinamva mapazi, chitseko, nkhuku zikulira. Alamu anandigwira mkono mpaka zikhadabo kulowa.

Mawu amene anabwera anali a achimwene, osasa, otopa. Bwato linagubuduzika, iwo anakakamira mulu wa bango mpaka anthu a kutsidya la Mozambique anawavuula. Alamu anakhala pansi pakhomo pa shopu, pamatope pomwepo.

“Nanga anzanu aja?” ndinafunsa.

“Sindinawaonenso chigubuduzikire. Akazi awo akudziwa kuti ine ndapezeka?”

Sankadziwa. Nyumba yawo inali panjira yathu yobwerera, ndipo titayandikira tinawaona mayiwo ataima pakhomo, mwana kumbuyo, akutiyang'ana kumaso. Alamu anachepetsa liwiro, nanenso ndinachepetsa.