Khadi Lakuda la Puleng

Puleng Sehloho sankalola kuberedwa ngakhale senti imodzi. Amene anakula naye ku Sebokeng amasimba kuti ali ndi zaka zisanu ndi zinayi anabwerera kukashopu ka pamphambano, mvula ili pamsana, kukalanda chenje chimene mwini shopu anachiiwala dala. Bambo ake anali atachotsedwa ntchito ku fakitale ya zitsulo, mayi ake ankasita zovala m'nyumba za anthu ku Vanderbijlpark, ndiye mwanayo anaphunzira msanga kuti ndalama ili ndi miyendo, ukayang'ana kumbali yathawa. Anakula ndi mtima umenewo, anakwatiwa nawo, ndipo mwamuna atapita ku mzinda waukulu wa Joni kosabwereranso anatsala nawo, pamodzi ndi mwana mmodzi wamkazi. Kwa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi analandira odwala pachipatala china cha mano ku Vereeniging, osachedwapo ntchito ngakhale tsiku limodzi. Anthu ankamudalira mayiyu. Ukafuna kudziwa kumene mafuta ophikira atsika mtengo sabata ino, unkangofunsa Ausi Puleng, ndiye kuti Achemwali Puleng m'chinenero cha kumeneko.

Khadi loyamba la ngongole analitenga ali ndi zaka pafupifupi makumi anayi. A banki anamuuza kuti pa R100 iliyonse imene agulire zinthu pakhadilo, azimubwezera randi imodzi. Mwezi woyamba anamubwezera R86. Koma chimwemwe chake! Anagula keke, napita nayo kuntchito.

"Banki yandipatsa banyira!" ankauza aliyense wolowa pakhomo, ngakhale amene abwera atagwira tsaya. "Zaka zonsezi atidyera, lero ndawadyerako ine."

Chiyambireni tsiku limenelo, nthawi yopuma masana inali yoyerekeza makhadi. Ankayala timapepala ta mabanki patebulo, magalasi ali pamphuno. Ili limabweza pang'ono koma silidula ndalama ya pamwezi. Ili limabweza zambiri pa petulo, koma iye galimoto analibe. Ili limapereka mapointi ogulira kusitolo imodzi yokha, chinthu chimene Puleng ankati n'chimodzimodzi kukupatsa mbuzi n'kukana ndi chingwe. Pamapeto pake mtima unagwa pa khadi lakuda, lonyezimira, limene linkabweza mpaka R5 pa R100 ukagula zakudya. Koma linali ndi makwerero. Kuti ukhale pamwamba pomwe pali kabanyira konona, unkayenera kugula zinthu za R15,000 mwezi uliwonse, kuwonjezera pa R250 imene a banki ankadula ya khadilo. Malipiro a Puleng sankafika n'komwe pa R15,000.

Apa m'pamene nzeru zake zinamupweteka. Anayamba kugulira anthu ena. Woyandikana naye akafuna magetsi, Puleng ankati, "Ndipatseni ndalamayo, ndikugulirani pakhadi." Mlongo wake akamathira petulo m'minibasi yake, Puleng anali pomwepo ndi khadi m'manja. Cholinga chinali chakuti ndalama za m'manjazo azikaziika kubanki tsiku lomwelo. Koma ndalama ya m'chikwama, abale, siimva malamulo. Lero maliro, mawa mwana wayimba foni kuchokera ku koleji ku Bloemfontein kuti lendi yakwana, mkuja giza yotenthetsera madzi yaphulika. Ankatapako n'kumati ndibweza pakutha pa mwezi. Mwezi unkatha, iye n'kulipira kagawo kochepa kamene banki imalola, zotsalazo n'kumabala chiwongoladzanja. Banki inkamubwezera mazana angapo ndi dzanja lamanja, n'kumulanda pafupifupi chikwi ndi lamanzere. Puleng wowerenga masenti uja ankaona dzanja limodzi lokha, chifukwa ndi limene linkabwera ndi uthenga wosangalatsa pafoni.

Pofika chaka chachitatu ngongole inali pa R41,000. Miyezi iwiri anadumphitsa osalipira. Makalata a banki anasiya kuwatsegula. Akangoona dzina la banki pafoni, ankafufuta uthengawo osauwerenga. Palibe amene ankadziwa. Kunjaku anali Ausi Puleng yemwe uja, wa nsapato zopukuta bwino, katswiri wa mitengo.

Chinthu chimene Puleng ankanyadira koposa m'moyo wake chinali sitokofela yawo, gulu losonkherana ndalama. Amayi khumi ndi awiri ankasonkha R500 aliyense mwezi ndi mwezi, kuyambira Januwale mpaka Novembala, ndipo Loweruka loyamba la Disembala ankapita onse kusitolo yopikulitsa kukagula katundu wodya mpaka sukulu zitatsegulira. Mayi ake a Puleng anali mmodzi mwa oyambitsa gululo. Lamulo lake linali lakale ndiponso louma: ndalama zimakhala mu akaunti ya gulu, zimatuluka pokhapokha anthu atatu asayine, ndipo zimachoka kubanki kupita kusitolo osagona m'nyumba mwa munthu. Chaka chimenecho munali R66,000.

Pamsonkhano wa Novembala, m'galaja ya wapampando wawo, mayi wachikulire Mme Masechaba, Puleng anaimirira.

"Amayi anzanga, chaka ndi chaka timataya ndalama. Tikalipira ndi khadi langa, banki itibwezera zopitirira R3,000. Imeneyotu ndi nyama ya Khirisimasi, yaulere."

"Yaulere!" anaseka Sebolelo, mayi wogulitsa mandasi pa siteji ya minibasi, amene pakamwa pake panalibe chitseko. "Ausi, kuyambira liti banki inasanduka Ankolo athu? Ine chaulere chimene ndinachionapo ndi chimfine."

Onse anaseka, naye Puleng anaseka nawo. Kenaka anatulutsa foni, nawaonetsa mauthenga akale a kabanyira kaja mmodzimmodzi. Mme Masechaba, amene anali mnzawo wa mayi ake a Puleng, anavula magalasi n'kuwapukuta nthawi yaitali.

"Mwana wanga, lamulo limati ndalama isagone kwa munthu."

"Siigona kwa ine, Mme. Ingodutsa pakhadi, ngati madzi m'paipi. Lachitatu ilowa, Loweruka ituluka."

Akanakhala wina, akanamukanira. Koma uyu anali mwana wa malemu Mme Sehloho, amene sanasowetsepo senti. Anthu atatu aja anasayina.

Kodi Puleng anali ndi mtima wakuba? Ayi, tisamunamizire. M'mutu mwake masamu anali oyera. Ndalama za gulu zikalowa zitseka ngongole ija kwa masiku atatu, banki iona kuti walipira, imubwezera pamwamba pa makwerero, Loweruka agula katundu yense ndi ngongole yatsopano, ndipo zonse zibwerera mmene zinalili popanda wodandaula. Banki inkamulola kukongola mpaka R50,000, ndiye malo analipo okwanira. Anawerengera kawiri, katatu.

Loweruka kunacha ndi dzuwa loswa mtengo. Amayi anafika atavala masikipa ofanana, pikapu yahayala ikudikira panja. M'sitolo munali piringupiringu, magulu ena nawonso akugula. Anadzaza ngolo zisanu ndi zitatu: matumba a ufa, mpunga, shuga, zigubu za mafuta, nsomba za m'zitini, sopo wochapira. Dimakatso, wamng'ono pa onse, amene ankagwira ntchito ya m'nyumba masiku atatu pa sabata ndipo ankayenda wapansi kuti asunge ya minibasi, ankangosisita thumba la mpunga ngati mwana wakhanda. Theka la gawo lake linkapita kwa mayi ake ndi ana ake awiri kumudzi ku QwaQwa.

Mtsikana wa polipirira anawerenga katunduyo kwa mphindi makumi anayi. Puleng anatulutsa khadi lakuda lija, Sebolelo n'kuimba nthungululu yachipongwe. Kamakina kanaganiza, kenaka kanalira kawiri.

"Lakana, mayi."

"Yesaninso. Ndi netiweki imeneyo."

Linakananso. Kachitatu mtsikanayo sanayang'anenso Puleng, anayang'ana mzere wa anthu kumbuyoko.

"Ankolo athu agona kodi?" anafunsa Sebolelo, koma ulendo uno palibe anaseka.

Puleng anapatuka, naima pafupi ndi mulu wa makatoni, naimbira kubanki. Anamudikiritsa ndi nyimbo mphindi khumi. Kenaka kunabwera mawu a mnyamata waulemu kwambiri, ulemu wopweteka.

"Zikomo Mayi Sehloho polipira ngongole yanu yonse. Pakhadi panu pali R25,000 yanuyanu."

"Nanga yokongola ija? R50,000 ija?"

"Imeneyo inatsekedwa ngongole itangolipidwa, mayi, chifukwa munadumphitsa miyezi iwiri. Tinakulemberani mu Okutobala."

"Achimwene, ndalama imene yalowayo si yanga. Ndi ya anthu. Ndi chakudya cha nyumba khumi ndi ziwiri. Ibwezeni, chonde, ndakugwirani mwendo."

"Pepani mayi, ndalama yolipira ngongole siibwezedwa. Mukhoza kupemphanso ngongole pakatha miyezi isanu ndi umodzi. Pali china chimene ndingakuthandizeni lero?"

Puleng anadula foni. Anaganiza zotulukira khomo la kumbuyo, anaganiza zonama kuti makina a banki awonongeka mpaka Lolemba. Koma Lolemba likanafika ndithu, ndipo R41,000 sikanagwa kumwamba. Atatembenuka anapeza Mme Masechaba ataima kumbuyo kwake, chikwama atachigwira ndi manja awiri.

"Puleng, ndalama zathu zili kuti?"

Ananena zonse, pomwepo, pakati pa makatoni a sopo. Mawu ankatuluka okhaokha, ouma, ngati akuwerenga za munthu wina. Sebolelo anakuwa mpaka mlonda anabwera: "Wakuba wovala magalasi! Miyezi khumi ndi umodzi ndikupsa ndi mafuta a mandasi kuti ndikulipirire ngongole iwe?" Ena ankati aitane apolisi. Mme Masechaba anangokweza dzanja.

"Tisadzichititse manyazi pano. Tsitsani katundu."

Ntchito yotsitsa ija inapweteka kuposa kutukwana. Ngolo zisanu ndi zitatu zinasanduka zitatu. Ankakangana motsitsa mawu kuti chitsale n'chiyani, mafuta kapena shuga, anthu a pamzere akuwayang'ana, ena akujambula ndi mafoni. Puleng anafuna kuthandiza kunyamula thumba la ufa, koma mayi wina anamulanda. Khadi lija linalola R25,000 mosavuta konse.

Masana anagawa katundu pabwalo la Mme Masechaba monga mwa nthawi zonse, milu khumi ndi iwiri pa simenti. Zaka zina pankakhala nyimbo, ana akuthamanga ndi mawilibala, nyama ikupsa pamoto. Tsiku limenelo kunali zii. Milu yake inali yofika m'mawondo. Puleng anati mulu wake augawane, ndipo anaugawanadi, palibe anakana. Anagwirizana kuti azibweza R3,500 mwezi uliwonse, kupereka m'manja mwa Mme Masechaba pageti, osalowa m'galaja. Dzina la Sehloho, limene linali m'buku la gulu kwa zaka makumi atatu, analikhwatcha ndi bolopeni yofiira iye akuona. Anamva manyazi oti sanawamvepo chibadwire, ndipo analira, koma palibe anamutonthoza.

Amayi anabalalika mmodzimmodzi. Anatsala Dimakatso, akumanga katundu wake m'zikwama ziwiri. Iyeyu sanatukwane nawo kusitolo kuja. Anasenza chikwama chimodzi pamutu, china m'manja, naima pamaso pa Puleng.

"Ausi, ndifunseko. Ndalama yobweza ija, abweza zingati?"

Puleng anatsegula foni. Kwa nthawi yoyamba m'miyezi itatu anawerenga uthenga wa banki mpaka kumapeto. Malamulo anali atasintha kalekale: kabanyira tsopano kanali ndi malire pamwezi, ugule zochuluka bwanji.

"R400," anayankha ndi mawu osamveka bwino.

Dimakatso anawerenga ndi zala za dzanja limene linali lopanda katundu, milomo ikugwedezeka.

"Ndiye kuti aliyense R33." Anakweza maso n'kumuyang'ana Puleng. "Ausi, mukanangonena. R33 ndikanakupatsani ine."

Anakonza chikwama pamutu, natuluka pageti, kupita kukaimbira mayi ake ku QwaQwa kuti chaka chino asatumize munthu kudzamuchingamira ku basi, katundu anyamula yekha.