Galasi la akapitawo

Chaka chimene ndinayamba kuthyola tiyi kuesiteti, akapitawo athu anapatsidwa galasi lokulitsa zinthu kuti azifufuzira tizilombo tofiira ta m'masamba. Iwo analipezera ntchito ina. Tikafika pasikelo, ankatola tsamba limodzi m'dengu n'kuliyandikizira galasilo, mpaka kabanga kosaoneka n'komwe kakule ngati chilonda. Basi, dengu lonse alikana.

Tsiku lina anagwira dzanja la mayi wina wachikulire wa kwa Changata, amene ankathyola mzere woyandikana ndi wanga. Anaika galasi pa zala zawo zong'ambikang'ambika n'kutiitana tonse.

"Bwerani mudzaone ngalande izi," anatero akapitawowo. "Tiyi womwa mabwana akudutsa m'menemu!"

Ena anaseka chifukwa cha mantha. Mayiwo anangozolika.

Kenako akapitawo anatambasula mkono n'kumatiyang'anira m'galasi muja. Anatiuza kuti galasilo likatalikira, munthu amaoneka kakang'ono, ali chadodolido, miyendo m'mwamba. Anaseka mpaka kutsokomola.

Galasilo silinkanama ayi. Koma bambo aja ankadziwa kagwiridwe kake: zolakwa zathu ankazionera pafupi, ife eniakefe ankationera patali.