Dona Atasiya Kubzikula

Ndikukumbukira chaka chimene ndinakwapulidwa chifukwa cha ng'ombe, ndipo ndineneretu kuti sindinapepese. Ndinali kamtsikana ka zaka khumi, tikukhala kumunsi kwa mtsinje wa Likhubula, m'tsinde mwa phiri, masiku amene akuluakulu ankangokamba za chitaganya cha maiko atatu chija.

Bambo anga ankakama ng'ombe za mzungu ku esiteti ya tiyi, ndipo pomwalira anatisiyira ng'ombe imodzi yamkaka. Tinkaitcha Dona chifukwa cha matama ake, udzu wopondedwa sankaudya. Chaka chimenecho amayi anadwala mpaka mabere kuuma, moti mlongo wanga Yohane, khanda la miyezi yochepa, ankakhalira mkaka wa Dona, wowiritsa, womwetsedwa ndi supuni.

Amalume, eni mbumba, anaona kuti mkaka ukuchepa. Nzeru yawo inali yakuti madeya akachuluka, mkakanso uchuluka. Amayi ali kumunda, iwo anakhuthulira Dona dengu lonse la madeya, iye n'kumaliza onse psiti. Kutacha tinamupeza ataima mutu uli pansi, ndowe zili zamadzi ndi zonunkha, nsagwada zili duu. Ng'ombetu imadya kawiri. Imameza udzu msangamsanga, kenaka ikagona pamthunzi imaubweza kukamwa n'kumautafuna pang'onopang'ono. Kumeneko ndiko kubzikula, ndipo ikasiya ndiye kuti m'mimba mwaima.

Mkaka unatheratu. Yohane analira mpaka kusasa mawu, phala ankangolavula. Amalume anayamba kunola mpeni pamwala wa pakhomo.

"Achemwali, tiiphe mawa isanafe yokha, tipezeko nyama," anauza amayi.

Ha! Wodwalitsa ng'ombe yemweyo, wowerengera nyama yemweyonso! Ndinapsa mtima koopsa.

Amayi ankadziwa zimene bambo ankachita ku esiteti: kutenga zobzikula m'kamwa mwa ng'ombe yathanzi n'kumezetsa yodwalayo zikadali zofunda, kuti m'mimba muyambirenso. Anapita kukagwada kwa a Namputo, okhawo amene analinso ndi ng'ombe kudera kwathu. Anabwerako chimanjamanja. A Namputo anati amenewo ndi matsenga okawira mkaka wa ng'ombe zawo, ndipo woyandikira ziweto zawo aona zakuda.

Amayi anakhala pakhonde ndi mwana, misozi ili chuchuchu. Ine ndinatenga chikho osauza munthu.

Ng'ombe za a Namputo zinali zitagona pansi pa mkuyu kudambo, dzuwa lili paliwombo. Ndinanyonyomala pambali pa yaikazi yofiira n'kumaikanda m'khosi monga ankachitira bambo. Ndinaona kachibulumwa kakukwera pammero. Katangofika m'kamwa ndinaigwira mphuno, dzanja linalo n'kulowetsa m'kamwamo. Ng'ombe ilibe mano akutsogolo m'mwamba, koma akumasayawo, mayo ine! Chala chamkombaphala chinalira phwa! Komabe ndinatulutsa dzanja lodzaza zobiriwira, zotentha, zonunkha ngati mowa wosasa, n'kuzikhuthulira m'chikho.

"Mfiti iwe! Wakuba!" Anali a Namputo, akuthamanga kuchokera kudimba lawo.

Ndinaliyatsa liwiro chikho chili pachifuwa. Kunyumba amayi atangoona chikhocho anadzuka. Anakanula kamwa la Dona, ine n'kukankhira zonse kummero.

A Namputo anafika ali wefuwefu, ndipo amalume, pofuna kuchotsa manyazi, anathyola nthyole ya mgwafa n'kundikwapula pamaso pawo.

"Pepesa, Esitere!" anandilamula amalume.

"Ndipepese chiyani? Ndatenga malovu ndi udzu wa kudambo. Ng'ombe yawo yachepa pati? Mawa ndipitanso."

Anandiwonjezera zina za mwano. Ndinaluma mano, misozi ayi.

M'mawa mwake amalume anatulukira ndi mpeni wawo uja. Anapeza amayi, munthu wofatsa amene sanayankhepo mlongo wawo chibadwire, atakhala pakhomo pa khola Yohane ali pamiyendo.

"Achimwene, mpeniwo muyambire mwanayu," anatero.

Amalume anabwerera ndi mpeni wawo. Ine ndinapitadi kudambo, chala chili chomanga ndi sanza, n'kugwiritsa dzanja lamanzere. A Namputo anandiona. Kaya anali atakama m'mawawo n'kupeza mkaka wawo uli chimodzimodzi, kaya anamva kulira kwa Yohane, sindidziwa. Anangotembenuka n'kumayang'ana phiri.

Dona tinkangomupatsa udzu wouma ndi madzi, madeya ayi. Mkuja wake masana ndinamupeza atagona pansi pa mango. Kachibulumwa kanakwera pammero, nsagwada n'kuyamba kupera. Ndinakuwa mudzi wonse kumva! Mkaka unabwerera pang'onopang'ono, poyamba wosadzaza ndi kapu yomwe, koma Yohane anamwa n'kugona.

Lero ndikumvetsa kuti amalume sanali oipa mtima. Ankafuna mkaka wambiri msanga, osadziwa kuti ng'ombe sipindula ndi zimene yameza koma zimene yagaya. Ndikumvetsanso kuti mawu a akulu amakomadi akagonera, koma khanda lanjala silingadikire kuti agonere. Kuipa kwa mwano ndikukudziwa, ana anga ndinawalera mwaulemu. Koma tsiku lija likadabwerera, ndikadalowetsanso dzanja.

Chala chija chinapola chokhota. Zidzukulu za Yohane zikandiseka kuti agogo chala chanu chinatani, sindichulutsa zonena. Ndimangochikweza n'kuwaloza agogo awo a Yohane, atakhala pakhonde ndi imvi zawo.